Kodi kunenepa kumachititsa kuti chimfine chizikugwira pafupipafupi, kapena chimangokuvuta kwambiri chikakugwira?

Nachisale_M:

Moni nonse, ndili ndi funso limene likundisowetsa mtendere nde ndati ndifunse mwina alipo odziwa zachipatala. Ine ndine mzimayi wa zaka 41, kutalika ndi 1.62 mita koma sikelo ikumandipatsa makilo 98, thupili linabwera nditabereka mwana wachiwiri ndipo silinabwererenso. Vuto langa ndi loti chimfine chikalowa mnyumba timadwala tonse inde, ana, bambo awo, ine, koma anzangawa sachedwa kudzuka pamene ine chimatsikira mchifuwa, kukhosomola osatha, usiku kugona chagada sizitheka ndimabanika mpaka kudzuka kukhala pansi, ndipo mphamvu zimatenga nthawi kuti zibwerere. Nthawi ya Covid ndinadwalanso kuposa wina aliyense mnyumba muno.

Adokotala anangondiuza mwachidule kuti thupi likuthandizira ndichepetse, osafotokoza kuti mafuta a pamimba ndi chifuwa zikugwirizana pati. Kunena zoona ndinatuluka wokhumudwa chifukwa chilichonse chimene ndapita nacho yankho limakhala thupi, olo mutu, olo bondo. Nde ndikufuna ndimvetse bwinobwino. Kodi munthu wonenepa amatenga mavairasi amenewa msanga kuposa anzake kapena kutenga nchimodzimodzi kungoti amadwala kwambiri? Chinanso pali amene anandiuza kuti katemera wa chimfine sagwira kwa anthu onenepa ndingotaya nthawi, zoona zimenezo? Ndipo ndikati ndichepetse thupi zinthu zidzasinthadi kapena zinaonongeka kale basi?


Nesi_Tadala:

Achemwali pepani ndi mmene anakuyankhirani, funso lanu ndi labwino ndipo limayenera kufotokozedwa pomwepo. Ndiyambe ndi za kubanikako chifukwa ndi zimene ndimaziona ndi maso kuntchito.

Pansi pa mapapo pali mnofu waukulu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba, madokotala amati diaphragm. Mukamakoka mpweya mnofuwu umatsika pansi kuti mapapo apeze malo otambasukira. Tsono mafuta akachuluka mmimba, makamaka a mkati aja ozungulira matumbo ndi chiwindi osati apakhungu okha, amaukankhira mnofu uja mmwamba, nde mapapo amakhala opanikizika nthawi zonse olo munthu asakudwala. Mafuta a pachifuwa nawonso amalemera, nthiti zimavutika kutukuka. Mukagona chagada zonse za mmimba zimatsamira kumtunda, zili ngati kuyesa kupuma mwana atakukhalirani pamimba, ndichifukwa chake mumadzuka kukhala pansi, thupi lanu likudziwa lokha kuti mukakhala tsonga katunduyo amatsika.

Chimene chimachitika ndi choti kumunsi kwa mapapo timatumba tating'ono ta mpweya timafota, magazi amadutsa pamenepo koma osatenga oksijeni wokwanira. Munthu ali bwino saona vuto chifukwa mbali yotsalayo ikukwanitsa. Koma vairasi ikabwera nkutupitsa mapapo, makhololo nkudzadza, munthu woonda amakhala ndi malo osungira oti atapeko pamene wonenepa anayamba kale ali pafupi ndi malire. Komanso thupi lalikulu limafuna oksijeni wambiri, malungo akakwera limafunanso wochuluka kuposa apo, nde mukuona mmene zimakumanirana, kufuna kwakwera kupereka kwatsika. Makhololo nawo satuluka bwino kumunsi kopanikizikako ndipo akakhalitsa mabakiteriya amapezerapo mwayi, chimfine chija nkusanduka chibayo.

BMI yanu, nambala yoyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake, ndaiwerengera, mumatenga makilo nkugawa ndi kutalika kuchulukitsa ndi kutalika komweko, 98 kugawa ndi 1.62 kuchulukitsa 1.62, ikubwera 37 ndi kanthu. A WHO amati kuyambira 25 ndi kupitirira muyeso, kuyambira 30 ndi kunenepa kwa matenda, ndipo 40 kupita mtsogolo ndi kunenepa kwambiri. Sikuti muli nokha ayi, malinga ndi WHO mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali mgulu la 30 kupita mmwambali.

Ndikufunseniko, mumaliza mkonono kwambiri usiku? Bambo akunyumba anakuuzanipo kuti mumasiya kupuma pang'ono kenako nkudzidzimuka? Nanga shuga ndi BP munayezetsa liti? Ndikufunsa chifukwa zimenezi zimayenda limodzi ndi thupi ndipo nazonso zimakulitsa matenda a mchifuwa pazokha.


Bambo_a_Yamikani:

Ine ndisaname nkhani imeneyi ndimaikayikira. Nthawi ya Covid tinaona anthu oonda ngati ine akumwalira ndipo ena onenepa zedi kungoyetsemula masiku awiri basi. Amene anapita ambiri anali okalamba ndi a shuga, nde mwina vuto ndi shuga ndi ukalamba osati thupi palokha, madokotala amangophatikiza. Komanso BMI imeneyi ine sindiikhulupirira, munthu wonyamula zitsulo minofu yokhayokha amawerengedwa kuti ndi wonenepa. Mayi musadzidetse nkhawa kwambiri, anthu timabadwa mosiyana, ena chifuwa chawo nchofooka chibadwire. Vairasi saona sikelo, akakupeza wakupeza.


Mphatso_K:

Bambo a Yamikani pali zimene mwanena zoona ndipo pali zimene ndikutsutsani mwaulemu. Za ukalamba muli pa choonadi ndithu, palibe chinthu chimene chinaposa zaka pa Covid. Kafukufuku wa OpenSAFELY ku England mu 2020 anayang'ana marekodi a anthu akuluakulu oposa 17 miliyoni, ndipo munthu wa zaka 80 kupita mtsogolo chiopsezo chake chomwalira chinali choposa ka 20 poyerekeza ndi wa zaka za mma 50. Koma mkafukufuku yemweyo atachotsera kale za zaka, shuga ndi matenda ena, anthu a BMI 40 kupita mmwamba chiopsezo chawo chinali pafupifupi kawiri. Ndekuti thupi palokha lili ndi gawo lake, si shuga yekha. Ndipo shuga wa mtundu wachiwiri nthawi zambiri amabwera kudzera mthupi lomwelo, nde kuzilekanitsa kwambiri kumangotinamiza.

Zoti munaona woonda akumwalira wonenepa akupulumuka sizikutsutsa kanthu, chiopsezo chimaoneka ukawerenga anthu masauzande osati anthu asanu amene umawadziwa.

Nkhaniyi sinayambe ndi Covid. Inayamba kuonekera bwino mu 2009 nthawi ya chimfine cha H1N1 chija ankati cha nkhumba. Ku Michigan ku America madokotala analemba za odwala 10 amene anali pa makina opumira mu ICU, ndipo 9 mwa iwo anali onenepa, 7 a BMI 40 kupita mmwamba, ndipo angapo anali ndi magazi oundana mmapapo. Anali anthu ochepa inde koma malipoti a mmaiko ena anabwera ofanana, mpaka a CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, anaika kunenepa kwambiri pa mndandanda wa zinthu zoika munthu pachiopsezo cha chimfine choopsa, limodzi ndi mphumu, kukhala woyembekezera, matenda a mtima ndi zina. Pano aikanso pa mndandanda wa RSV, vairasi ina yogwira mchifuwa, kwa akuluakulu.

Tsono funso la mayi Nachisale lenileni, kutenga kapena kudwala kwambiri. Mu 2020 a Barry Popkin ndi anzawo a ku University of North Carolina anasonkhanitsa makafukufuku 75 a Covid nkupeza kuti onenepa mwayi wopezeka ndi vairasi unali wokwera ndi 46 peresenti, wogonekedwa mchipatala ndi 113 peresenti, wolowa mu ICU ndi 74 peresenti, womwalira ndi 48 peresenti. Taonani manambalawo, la kugonekedwa ndi limene lakula kwambiri. La 46 lija ine ndimalitenga mosamala chifukwa nthawi imeneyo amene ankayezedwa ndi amene adwala kwambiri, nde ngati onenepa ankadwala kwambiri ndiwonso ankayezedwa kwambiri, pamene woonda amene anatenga vairasi nkungomva kamutu sanawerengedwe nkomwe. Mmene ndikuonera ine umboni wamphamvu uli pa kukula kwa matenda ndi kutalika kwake, wa kutenga ulipo koma ndi wofookerapo. Zikufanana ndendende ndi zimene mayi afotokoza, onse mnyumba adwala koma iwo ndi amene chimawatsikira mchifuwa. Pamenepa bambo a Yamikani tikugwirizana pang'ono, kupeza amapeza aliyense, koma zimene amachita akalowa ndi zimene zimasiyana.

China chimene anthu sachidziwa ndi choti thupi limavuta kwambiri kwa achinyamata ndi azaka zapakati. Ofufuza a ku yunivesite ya Oxford mu 2021 anayang'ana anthu 6.9 miliyoni ku England nkupeza kuti chiopsezo chogonekedwa ndi Covid chimayamba kukwera pang'onopang'ono kuchokera pa BMI 23, palibe mzere woti ukadutsa apa ndiye wagwa, ndipo kukwerako kunali kwakukulu kwa a zaka 20 mpaka 39, nkumachepa munthu akamakula, kwa a zaka 80 kunali kosaoneka kwenikweni. Oonda mopitirira muyeso nawonso chiopsezo chawo chinali chokwera, nde kuonda kwambiri si chitetezo.

Za BMI ndi onyamula zitsulo ndi zoona, siisiyanitsa mnofu ndi mafuta ndipo siikuuza kuti mafutawo ali pati. Njira yosavuta ndi kuyeza mchiuno pa mchombo ndi tepi, a NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala ku Britain, amalangiza kuti kuzungulira kwa mchiuno kusafike theka la kutalika kwako. Wa 1.62 mita ndekuti pansi pa masentimita 81. Mafuta a pamimba ndi amene ali ndi mlandu waukulu kuposa a mmatako ndi ntchafu.


Nachisale_M:

Zikomo nonse, a Nesi mwandifotokozera chinthu chimene ndimachimva mthupi koma ndimasowa mawu ake. Mkonono ndimaliza inde ndipo amandidandaula, masana ndimakhalanso ndi tulo kwambiri. BP anati ili pamalire, shuga sindinayezetse posachedwa. Achimwene a Mphatso manambalawo andiopsa pang'ono koma bola kudziwa. Koma simunayankhe za katemera, komanso sindikumvetsa, za mapapo kupanikizika ndamva, nanga chitetezo cha mthupi chikukhudzidwa bwanji ndi mafuta? Ine ndimaona ngati mafuta amangokhala phee osachita kanthu.


Mphatso_K:

Ayi mayi mafuta sakhala phee, ndi chiwalo chimene chimagwira ntchito usana ndi usiku, chimatulutsa mahomoni ndi timankhwala tina tolankhula ndi asilikali a mthupi. Maselo a mafuta akakula kwambiri ena amayamba kuvutika ndi kufa, nde asilikali otchedwa macrophage amakhamukira kumeneko nkumatulutsa zinthu zotupitsa monga IL-6 ndi TNF-alpha. Homoni ya leptin imakwera, adiponectin imene imaziziritsa kutupa imatsika. Mapeto ake thupi limakhala ndi kutupa kwapansipansi kosatha, munthu sakumva kupweteka koma mmagazi kukuoneka.

Vuto lake ndi loti vairasi ikalowa, yankho loyamba limene limayenera kubwera msangamsanga, la timankhwala ta mthupi totchedwa interferon, limachedwa komanso limafooka, vairasi nkupeza nthawi yochulukana ndi kutsikira kumunsi kwa mapapo. Kenako chitetezo chikadzuka chimabwera mopyola muyeso pamwamba pa kutupa kumene kunalipo kale, nkuononga mapapo enieniwo, ndipo mabala ake amachedwa kupola. Kuchedwa poyamba, kupyola pamapeto. A Melinda Beck a ku North Carolina komweko anaonetsa zimenezi pa mbewa za mu labu kale mu 2007, mbewa zonenepetsedwa zinafa zambiri ndi chimfine kuposa zinzake. Magazi a munthu wonenepa amaundananso msanga, ndipo Covid ndi chimfine choopsa zimaonjezera pomwepo. Pa Covid palinso china, ofufuza a ku yunivesite ya Stanford mu 2022 anaonetsa kuti vairasi yoyambitsa Covid, ya SARS-CoV-2, imatha kulowa mmafuta momwemo.

Chimodzi chokhudza a mnyumba mwanu. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wochitikira mmabanja a ku Managua ku Nicaragua, wotsogoleredwa ndi a Aubree Gordon a ku University of Michigan, anapeza kuti akuluakulu onenepa odwala chimfine cha mtundu A ankapitiriza kutulutsa vairasi kwa nthawi yotalika ndi 42 peresenti kuposa osanenepa. Pa mtundu B ndi pa ana sanaone kusiyanako. Ndekuti thupi limachedwa kuichotsa vairasi, nde mukadwala ngati mnyumba muli khanda kapena agogo ndi bwino kusamala kwa masiku ochulukirapo, kutsegula mawindo, kuvala masiki, osamwera kapu imodzi.

Za katemera amene anakuuzaniyo anagwira mbali ya choonadi nkuipotoza. Gulu la a Beck mu 2012 linapeza kuti onenepa akabayidwa katemera wa chimfine ma antibody, zida za mmagazi zogwira vairasi, amakwera bwinobwino mwezi woyamba koma pakatha miyezi 12 amakhala atatsika kwambiri kuposa anzawo, ndipo asilikali ena otchedwa maselo a T sagwira ntchito mokwanira. Mu 2017 anapezanso kuti mwa anthu obayidwa, onenepa 9.8 peresenti anadwalabe chimfine kapena matenda ofanana nacho pamene a thupi lapakati anali 5.1 peresenti. Pa katemera wa Covid a ku Cambridge ndi Edinburgh mu 2023 anaonanso kuti kwa onenepa kwambiri chitetezo chimatsika msanga. Koma taonani bwino, apa akuyerekeza wonenepa wobayidwa ndi woonda wobayidwa. Funso lanu inu ndi lina, inuyo mutabayidwa ndi inuyo musanabayidwe, ndipo pamenepo yankho silokayikitsa. A ku Oxford mu 2022 pa anthu oposa 9 miliyoni anapeza kuti katemera wa Covid ankateteza onenepa ku matenda aakulu mofanana ndi a thupi lapakati ukawayerekeza ndi anzawo osabayidwa. Ndipo poti chiopsezo chanu chimayambira pamwamba, phindu limene mumapeza ndi lalikulu. Kutsika msanga kwa chitetezo tanthauzo lake ndi loti musamadumphe, wa chimfine ndi wa chaka chilichonse nyengo yake isanayambe.


Nesi_Tadala:

Ndionjezereko pa katemerapo chinthu chaching'ono chimene ambiri sachiganiza, kutalika kwa singano. Katemerayu amayenera kulowa mu mnofu wa paphewa osati mmafuta a pansi pa khungu. Singano wamba ndi ya mamilimita 25, koma malangizo a CDC amati mzimayi wopitirira makilo 90 ndi mwamuna wopitirira makilo 118 abayidwe ndi ya mamilimita 38. Inu achemwali muli mgulu limenelo nde musachite manyazi kufunsa, ndi ufulu wanu ndipo nesi wodziwa ntchito sangakhumudwe.

Za mkonono ndi tulo ta masana zija chonde kauzeni adokotala mwachindunji, zikumveka ngati vuto lija munthu amasiya kupuma kangapo ali mtulo chifukwa njira ya mpweya pakhosi imatsekeka. Limatsitsa oksijeni usiku uliwonse, limakweza BP, ndipo ukadwala chifuwa pamwamba pake ndi pamene usiku umakhala woopsa. Lili ndi chithandizo chake ndipo silidikira kuti muyambe mwaonda. Shuga kayezetseni, ngati nkotheka ya HbA1c imene imaonetsa mmene wakhalira miyezi 2 kapena 3 yapitayi. Ndipo poti chifuwa chilichonse chimakutengerani nthawi yaitali afufuzenso mphumu, imapezeka kwambiri kwa azimayi onenepa ndipo ambiri sadziwa kuti ali nayo, amangoti chifuwa changa nchovuta. Chifuwa chopitirira milungu 2 mpaka 3 ayezenso TB, asangoti ndi thupi.

Mukadwala musamadikire kuti tione mawa. Mankhwala olimbana ndi vairasi amagwira bwino akayambidwa msanga, oseltamivir wa chimfine cha fuluwenza mkati mwa maola 48, Paxlovid wa Covid mkati mwa masiku 5, nde amene ali pachiopsezo akuyenera kuonekera kuchipatala koyambirira osati pamene zathina. Ma antibayotiki sapha vairasi, amathandiza pokhapokha mabakiteriya akalowererapo, musamagule nokha. Pogona tsamirani mapilo kapena gonani chammbali, ndipo masana musangogona tsiku lonse, kudzuka kuyendayenda mnyumba ndi kukoka mpweya wakuya kumatsegula kumunsi kwa mapapo komanso kumachepetsa kuundana kwa magazi mmiyendo.

Zizindikiro zoti musachedwe nazo olo pakati pa usiku ndi kubanika mutangokhala, kulephera kumaliza chiganizo osapumira, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu, milomo kapena mkamwa kusintha mtundu, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kapena malungo amene anatsika nkubweranso mwamphamvu ndi makhololo oipa. Ngati muli ndi kamakina kapachala koyezera oksijeni, 92 kutsika pansi pitani pompo, koma dziwani kuti kwa anthu a khungu lakuda nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa yeniyeni, izi zinalembedwa mu magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2020, nde kakati 95 inu mukubanika khulupirirani thupi lanu.

Ndinene chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima. Odwala onenepa ambiri amafika mochedwa osati chifukwa chosasamala koma chifukwa anatopa kunyozedwa, amadziwa kuti akangolowa nkhani ikhala sikelo. Ndipo akafika mochedwa ntchito imavuta zenizeni, mtsempha kuupeza kuti uike diripi, chithunzi cha X-ray sichioneka bwino, kulowetsa chubu chopumira pakhosi, kumutembenuza kuti agone chafufumimba kumafuna anthu ambiri. Mbali ina ya manambala amene a Mphatso alembawo ndimakhulupirira kuti ndi kuchedwa kumeneku, ndipo pamenepo wolakwa si wodwala.


Bambo_a_Yamikani:

Chabwino ndamva, za manambala a England zija zandigwira sindinkadziwa kuti anachotsera za shuga. Komabe funso lachitatu la mayiwa palibe waliyankha, ndipo ndi limene ine ndimakayika kwambiri. Kuona kuti onenepa amadwala kwambiri ndi nkhani ina, kunena kuti ukaonda zitha ndi nkhani inanso. Alipo anayesa kuona zimenezo kapena tikungoganiza? Chifukwa kuonda si masewera, munthu asavutike zaka nkupeza kuti chifuwa chili chomwecho.


Mphatso_K:

Funso lolondola bambo ndipo alipo anayang'ana. A ku chipatala cha Cleveland Clinic ku America kumapeto kwa 2021 anayerekeza anthu amene anachitidwa opaleshoni yochepetsa thupi zaka zam'mbuyo ndi anzawo ofanana nawo amene sanachitidwe. Kutenga Covid anatenga mofanana, koma a opaleshoni aja chiopsezo chogonekedwa chinali chotsika ndi 49 peresenti ndipo cha matenda aakulu ndi 60 peresenti. Kenako pali kafukufuku wa SELECT wa mankhwala a semaglutide, jakisoni wothandiza kuchepetsa thupi, anthu oposa 17,000 a matenda a mtima ndi thupi lopitirira muyeso koma opanda shuga, amene anagawidwa mwamaere ena mankhwala enieni ena opanda kanthu, ndipo mliri unawapeza kafukufuku ali mkati. Apanso kutenga anatenga mofanana koma omwalira ndi Covid anali ochepa mgulu la mankhwala. Onse awiri akuloza komweko, thupi likatsika kutenga sikusintha kwenikweni koma kukula kwa matenda kumatsika. Sindikunena kuti mayi apite ku opaleshoni kapena akagule jakisoni, zimenezo ndi zokambirana ndi dokotala, ndikungoonetsa kuti zinthu zimabwerera.

Kungoti sizibwerera zonse tsiku limodzi. Za mapapo zimasintha msanga chifukwa ndi nkhani ya malo, mimba ikatsika mapapo apeza potambasukira. Shuga, BP ndi mkonono zimayamba kusintha munthu akangotsitsa 5 mpaka 10 peresenti ya thupi lake, kwa mayi Nachisale ndi makilo 5 mpaka 10 basi osati 30. Koma chitetezo chikuoneka kuti chimatsalira mmbuyo, gulu la a Beck mu 2019 linapeza kuti mbewa zimene zinanenepa kenako nkuonda maselo ake a T anali asanabwerere mwakale. Ndi mbewa inde osati anthu, komabe kwa ine zikutanthauza kuti olo mutaonda katemera musasiye.


Mai_a_mapasa:

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndilankhuleko ngati munthu wa thupi lalikulu mnzanu achemwali. Chimene ndikupemphani musapange zosala kudya mwankhanza chifukwa cha mantha a manambalawa, makamaka nthawi imene mukudwala kapena mwangochira. Thupi likamalimbana ndi vairasi limafuna chakudya chomanga thupi ndi madzi ambiri, ukadzimana kwambiri umataya mnofu osati mafuta okha, ndipo minofu ndi imene timapumira ndi kukhosomolera. Ndinaona ena akuchira chimfine nkuyamba kumwa madzi okhaokha kuti aonde msanga, anangofooka nkudwalanso.

Ine chimene chinandithandiza ndisanaone kusintha kulikonse pa sikelo ndi kuyenda. Poyamba ndinkabanika msanga koma ndinapitiriza pang'onopang'ono mpaka mpweya unayamba kukwanira, ndipo chimfine chimene chinabwera pambuyo pake sichinandigwetse ngati kale ngakhale makilo anali atatsika ochepa chabe. A WHO amati mphindi 150 pa mlungu za kuyenda kofulumirako, mukhoza kuzidula zidutswa za mphindi 10 kapena 15, ndipo ngati mawondo akuvuta yambani ndi malo athyathyathya. Zakumwa za shuga ndinasiya, ndipo nditalandira chithandizo cha vuto la kupuma usiku lija a Nesi anena, njala ya masana inachepa yokha chifukwa munthu wosagona bwino amamva njala kwambiri. Ngati mnyumba muli wosuta fodya asutire panja, utsi pamwamba pa mapapo opanikizika kale ndi kuonjezera mavuto.

Ndipo mukapitanso kuchipatala lembani papepala zimene mukufuna, shuga, mphumu, kupuma kwa usiku, katemera ndi singano yaitali, muwapatse aone. Akayamba za thupi muwauze kuti ndavomera tikambirana, koma lero ndabwera ndi izi. Ine ndimatero ndipo kulankhula kwawo kumasintha.


Nachisale_M:

Zikomo kwambiri achemwali, pepalalo ndalemba kale. A Nesi funso lomaliza, panopa ndikadali ndi kachifuwa kotsalira koma malungo palibe, ndingabayitse katemera wa chimfine pano kapena ndidikire chithe kaye? Komanso wa Covid ndi wa chimfine angabayidwe tsiku limodzi?


Nesi_Tadala:

Ngati malungo palibe ndipo mukudzimva bwino kachifuwa kotsalira sikaletsa, amene timawauza kuti adikire ndi amene akudwala kwambiri kapena thupi likutentha. Awiriwo akhoza kubayidwa tsiku limodzi, wina mkono uwu wina mkono winawo, mwina mudzamva kuphwanya mthupi tsiku limodzi kapena awiri ndipo chitetezo chimatenga pafupifupi milungu 2 kuti chikhazikike. Koma poti mukupita komweko auzeni akumvereni mchifuwa kaye asanakubayeni, ndipo muwauze kuti chifuwacho chinayamba liti.